Mukafuna kukachezera gule m'makalabu akuluakulu a ku London

Ulendo woyamba ndinabwerera pakhomo. Ndiyambe ndi zimenezo kuti musandione ngati katswiri amene sanapunthwepo. Unali mwezi wa Novembala, chaka changa choyamba kuno, ndipo ndinali nditatchena mmene tinkatchenera popita ku Bwandilo mwezi ukatha: diresi yothina, nsapato za gogoda, kachikwama kongokwana foni ndi lipisitiki. Ndinaima pamzere pafupifupi ola lathunthu mphepo ikulowa m'mafupa, ndipo nditafika kutsogolo bambo wa pakhomo anandifunsa ID. Ndinatulutsa foni n'kumuonetsa chithunzi cha pasipoti. Anapukusa mutu. Ndinayesa kuchonderera mwachimalawi, ndinamutchulira zaka zanga, mpaka ndinatulutsa baji ya kuntchito. Iye anangokweza kachingwe kotulukira n'kukodola wa kumbuyo kwanga. Tikiti ya £24 inapsa choncho, msuweni wanga amene anali atalowa kale anachita kutuluka ali wokwiya, ndipo usikuwo unathera mushopu ya nkhuku tikudya tchipisi osayankhulana.

Ndiye nyamulani ID yeniyeni, yogwirika ndi manja. Makalabu akuluakulu a kuno amailowetsa m'kamakina ndipo amafunsa aliyense, kaya muli ndi imvi kaya muli ndi zidzukulu. Pasipoti amalandira, laisensi yoyendetsera galimoto ya ku UK amalandira. Chitupa chathu cha unzika musachidalire, makadi a BRP aja, osonyeza chilolezo chokhalira kuno, anatha ntchito pa 31 Disembala 2024, ndipo eVisa imene inalowa m'malo mwake ili mufoni, za mufoni mwamva kale mmene zinandithera. Komabe kulowa ndi pasipoti m'chikhamu cha anthu ovina sindikulimbikitsa, chifukwa ikagwa m'thumba, kupeza ina muli kunja kuno si nkhani ya sabata imodzi. Chimene ndinachita ine, ndipo ndimauza aliyense wofika kumene, n'kufunsira laisensi ya ophunzira kuyendetsa ku DVLA, ofesi ya boma yopereka malaisensi. Pa intaneti ndi £34, sakufunsani ngati munagwirapo chiwongolero, ndipo kakhadi kobiriwira kameneko kamatsegula makomo onse. Pasipoti izigona kunyumba.

Musanagule tikiti mumvetse kaye kuti mukupita kumalo kotani, chifukwa apa m'pamene ambiri a ife timakhumudwira. Kwathu tikati tikupita kokasangalala timanena tebulo, mipando, mabotolo a Green atandanda, kanyenya akubwera m'mbale, nyimbo yoidziwa ikalira mumadzuka kukavina, ikatha mumabwerera pampando kukapitiriza nkhani. Kumene ndikunenaku kulibe zimenezo. Mipando ndi yowerengeka ndipo ili kumakona, nyimbo siiduka, ndipo zambiri zilibe mawu oti mutsatire. Chofanana nacho kwathu si bala ayi, koma mchezo. Ine ndinakulira kwa agogo cha ku Jali, ndipo ndikukumbuka usiku woti mawa kuli ukwati: ng'oma zinkayamba dzuwa litangolowa mpaka tambala wachitatu. Woimba wina akatopa mnzake ankalowa m'malo mwake gule osaima, ng'oma ikafooka ankaiwamba pamoto ina ikulira. DJ wa m'makalabu awa amachita chimodzimodzi. Nyimbo ina isanathe amakhala atalowetsa ina pansi pake, kugunda kwake kukufanana ndendende, moti simudziwa pamene ina yathera. Akamasinthana ma DJ, wina amangozula kachingwe kake ka zomvera m'makutu, mnzake n'kusomeka kake. Mukalowa ndi maganizo a mchezo mudzasangalala. Mukalowa ndi maganizo a ku bala, pofika 1 koloko mudzakhala mutaimirira pakhoma mukufunsa kuti kodi nyimbo yomweyi ithera pati.

Malo ndi ambiri, koma atatu ndiwo ndingawatchule mosakayika. Fabric ili ku Farringdon, pa Charterhouse Street, moyang'anizana ndi msika wa nyama wa Smithfield. Inatsegulidwa mu 1999 m'nyumba imene kale ankaziziritsiramo nyama, ndiye mumatsika masitepe kulowa pansi, m'zipinda zitatu za njerwa zokhala ngati mapanga. M'chipinda choyamba anamangirira zipangizo kunsi kwa pamene mumaponda, kotero besi simangoimva m'makutu, imakwera kuchokera kumapazi. Ministry of Sound ili ku Elephant and Castle, pa Gaunt Street, m'galaja yakale ya mabasi. Inayamba mu 1991, ndipo zaka zoyambirira sinkagulitsa ngakhale mowa, anthu ankapitira nyimbo basi. Chipinda chake chachikulu amachitcha The Box. Yachitatu ndi Drumsheds, kumpoto cha ku Tottenham, imene inatsegulidwa mu 2023 m'chishopu chakale cha IKEA ndipo imalowa anthu 15,000. Imeneyo si kalabu, ndi mzinda. Ubwino wake, madansi ake ambiri amayamba masana n'kutha sitima zisanaleke kuyenda, zomwe n'zabwino kwa munthu amene ali ndi shifiti mawa lake. Koma ulendo woyamba sindingakutumizeni kumeneko. Yambani ndi malo olowa anthu chikwi chimodzi ndi mazana angapo, muzolowere kaye.

Dzina la malo lisakunyengeni, muziyang'ana amene akuimba usiku umenewo. Nyumba yomweyo Lachisanu ikhoza kukhala ya drum and bass, Loweruka ya techno, ndipo zimenezi n'zosiyana ngati beni ndi manganje. Kuti mukhale ndi poyambira: amapiano imene tinaizolowera ija imagunda pang'onopang'ono, cha m'ma 112 pa mphindi. House ili cha m'ma 120 mpaka 128, ndipo thupi la Mmalawi limailandira mosavuta, makamaka Afro house ya a Black Coffee ndi anzawo a ku South Africa. Techno imayambira cha m'ma 130 kumakwera, ndi youma, ilibe chifundo. Drum and bass imathamanga cha m'ma 174, ndipo mukayesa kuponda kugunda kulikonse mukomoka. Eni ake amavina theka lake. Tengani dzina la DJ wamkulu wa usikuwo, mulisake pa YouTube kapena SoundCloud, mumvetsere theka la ola uku mukusita. Ngati phazi silinagwedezeke, sungani ndalama zanu. Mwa njira, ku Liverpool kunayamba dansi ina ya mtundu womwewu mu 2000 imene anaitcha Chibuku Shake Shake, potengera Chibuku chathu chomwechi, ndipo mmodzi mwa oiyambitsa, Will Jameson, ndi amene anadzayambitsa Lake of Stars kunyanja. Ndiye mzungu wina akamva kuti ndinu a ku Malawi n'kukuwa kuti Chibuku, musadabwe kuti wamwera kuti.

Matikiti gulani pasadakhale, pa masamba ogulitsa matikiti a Resident Advisor ndi DICE kapena pa tsamba la kalabuyo. Amawagulitsa m'magawo: oyamba kutuluka ndi otsika mtengo, akatha amatulutsa ena okwererapo, mpaka omaliza amene amaposa oyamba aja kawiri. Werengani timalemba ting'onoting'ono, chifukwa tikiti yotchipa nthawi zambiri imakhala ndi ola lake, monga kulowa isanakwane 11 koloko kapena 12 koloko, ndipo mukachedwa amakulipiritsani choonjezera kapena kukubwezani. Palinso ola lomaliza kulowetsa anthu, loti likadutsa chitseko chatsekedwa ngakhale tikiti muli nayo. Nthawi yachimalawi kuno siigwira. Matikiti akatha musagule kwa munthu wa pa Facebook kapena woima pakona, chifukwa tikiti imodzi akhoza kuigulitsa kwa anthu asanu ndipo amalowa ndi woyamba yekha. Pa DICE ndi pa Resident Advisor pali njira yogulira matikiti amene ena abweza, dikirani kumeneko. Mukagula, tsegulani tikitiyo mudakali kunyumba muone kuti ikuoneka, ndipo foni ichoke itadzaza.

Za kavalidwe ndinene mwachidule: gogoda siyani. Muvina maola asanu kapena asanu ndi limodzi pasimenti, anthu akukupondani. Valani nsapato zofewa zomanga ndi zingwe, zoti zikathiridwa mowa simudandaula. Kumtunda kamalaya kopepuka, chifukwa m'katimo mumatentha ngati ku Nsanje mu Okutobala ngakhale kunja kukugwa chisanu, ndiye pamwamba pake jekete yochindikala ya pamzere ndi pobwerera. Amuna, suti ndi tayi musavale. Malo ena amakubwezani chifukwa cha zimenezo, poganiza kuti mwachokera kuphwando la kuofesi mutaledzera kale. Palibe amene adzayang'ane wotchi yanu mumdima muja. Kachikwama kabwino ndi kaja kokoleka pachifuwa kokhala ndi zipi, zipiyo izikhala kutsogolo. M'menemo: foni, ID, khadi la banki, kiyi, zotseka m'makutu. Ndalama zamapepala malo ambiri sakulandiranso. Chakumwa ndi chakudya sizilowa, ndipo ngati muli ndi mankhwala a kuchipatala atengeni m'kabokosi kake kolembedwa dzina lanu, musawathire m'kapepala.

Ife ogwira ntchito yosamalira okalamba tili ndi mwayi umodzi: kuchezera tinakuzolowera. Usiku wa dansi muutenge ngati shifiti ya usiku. Masana gonani maola awiri kapena atatu. Cha m'ma 8 koloko idyani chakudya chenicheni, ine ndimaphika nsima ndithu, ya nyemba kapena mazira, ndipo anzanga a kuno amene ankandiseka pano amabwera kudzadya nawo tisananyamuke. Kumwerako pang'ono kunyumba n'kwabwino chifukwa mowa wa m'katimo ndi wodula, koma pang'ono pakhale pang'ono. A pakhomo ntchito yawo n'kuyang'ana m'maso ndi mayendedwe, ndipo munthu wodzandira salowa, tikiti kapena ayi. Ine ndimakonda kufika cha m'ma 11:30 kapena 12 koloko. Mzere umakhala usanatalike, malo osungitsa majekete asanadzaze, ndipo mumaona chipinda chikudzaza pang'onopang'ono. DJ wamkulu kawirikawiri amalowa cha m'ma 2 kapena 3 koloko, ndipo ndandanda wa maola amauika pa Instagram tsiku lomwelo kapena kuumata pakhoma m'kati.

Pamzere khalani phee. Musamwere mowa pamenepo, musakuwe, ndipo ngati muli gulu la amuna okhaokha asanu ndi mmodzi, gawikanani awiriawiri. Nthawi zina amafunsa kuti mwabwera kudzaona ndani, ndiye dzina la DJ lija likhale pakamwa. Akatha kuona ID ndi tikiti amakusechani, ndipo kusecha kwake ndi kwenikweni: matumba onse, chikwama, kuseri kwa chikuto cha foni, nthawi zina mpaka masokosi. Amayi amasechedwa ndi amayi anzawo, ndipo ngati palibe muli ndi ufulu wopempha. Alonda ovomerezeka amavala baji ya SIA, bungwe lowapatsa chilolezo, pamkono. Musakwiye nazo, musachite nthabwala za mabomba kapena za chamba, ndipo kamchitidwe kathu kopinda kandalama m'manja kuti zinthu ziyende musakayese n'komwe.

Mukalowa musathamangire kuvina. Sungitsani jekete, ndipo kapepala ka nambala kamene akupatseni kajambuleni pafoni pomwepo, chifukwa pofika m'mawa kamakhala katasungunuka ndi thukuta. Kenako zungulirani malo onse ndi anzanu mudakali ndi nzeru zonse: zimbudzi zili kuti, madzi ali kuti, kosutira fodya n'kuti, chipinda cha achipatala chili pati, makomo otulukira pangozi ali mbali iti. Mugwirizane malo amodzi okumanirana, osati "pa bala" chifukwa mabala alipo anayi, koma "pansi pa masitepe a kumanzere kwa kosungitsa majekete, ola lililonse likakwana". Pansi paja netiweki imavuta, ndipo uthenga wa WhatsApp woti "uli kuti" umadzafika muli m'sitima. Kutayana kudzachitika ndithu, ndipo si tsoka ngati munapangana.

Tsopano za makutu, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndinaphunzira mochedwa. Usiku wina, kumalo ena amene sinditchula, ndinaima maola atatu pafupi ndi chisipika chifukwa pamenepo ndi pamene panali mpata. Ndinatuluka makutu akulira ngati muli nyenje. Ndinati zitha ndikagona. Zinatenga masiku anayi, ndipo kuntchito agogo ena olankhula motsitsa ndinkachita kuwayang'ana pakamwa kuti ndimve. Mpaka lero kukakhala zii usiku, khutu lakumanzere limaimba kaphokoso kake. Akatswiri a zamakutu amawerengera chonchi: phokoso la madesibelo 85 munthu akhoza kukhalamo maola 8, ndipo likakwera ndi 3 nthawiyo imadulidwa pakati. Mukatsika nawo masamuwo, pa 100 mwatsala ndi mphindi 15 zokha. M'makalabu muja phokoso limafika pamenepo, ndipo inu mukhalamo usiku wonse. Khutu likaonongeka silimeranso. Gulani zotseka m'makutu, osati zathonje kapena zasiponji zogonera zija, zomwe zimapangitsa nyimbo kumveka ngati muli pansi pa madzi, koma zopangidwira nyimbo, zokhala ndi kasefa pakati. Za pakati pa £15 ndi £30 zimagwira bwino ntchito. Mukaiwala, funsani pa bala, malo ambiri amapereka zasiponji ulere, ndipo n'zabwino kuposa kukhala opanda. Chodabwitsa n'chakuti mukavala mumamva bwino mnzanu akamalankhula. Muvale musanalowe m'chipinda, osati makutu atayamba kale kuwawa. Ndipo malo abwino kuimapo si kutsogolo, koma chapakati, kumene masipika onse amakumana.

Mukapeza malo anu, dekhani. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nyimbo izi zimatero. Mphindi khumi zoyamba mudzaona ngati palibe chikusintha, du du du du basi. Musayang'ane anthu, musaganize za masitepe a mavinidwe. Siyani maondo azigwa pa kugundako, mapewa atsatira okha. Pakapita nthawi khutu limayamba kutola tinthu: kachitsulo kakulira pakati pa kugunda kuwiri, kamawu kamunthu kobwerezabwereza chapatali, kenakake kakukwera pang'onopang'ono ngati ketulo ikuyandikira kuwira. Ndiye DJ amachotsa besi. Usiku umene ndinagwidwa nazo ine zinali cha m'ma 3 koloko. Pansi panasiya kunjenjemera mwadzidzidzi, magetsi anatsala amodzi ofiira, utsi uli tolo, ndipo ndinkamva mapazi a anthu akukhwekhwereza pasimenti ndi wina akuliza likhweru kumbuyo. Mtsikana wamfupi amene anali patsogolo panga anakweza dzanja limodzi atatsinzina. Mnyamata wa pambali anandiyang'ana n'kukweza zikope ngati akuti konzekani. Tinadikira, tinadikirabe, mpaka ndinayamba kuona ngati magetsi a Escom atipeza kuno. Kenako inabwerera yonse nthawi imodzi, kuchokera kumapazi mpaka m'nthiti, ndipo chipinda chonse chinalumpha. Ndinazindikira nditaimba nthungululu. Palibe anatembenuka modabwa, mtsikana uja anangondiwomba m'manja.

Pali timalamulo tosalembedwa. DJ sapemphedwa nyimbo. Musalembe dzina la nyimbo pafoni n'kumamuonetsa, si wa paukwati. Foni ikhale m'chikwama. Fabric inaletsa kujambula pabwalo lovinira kuyambira 2021, malo enanso amamata kapepala pa kamera, ndipo ngakhale kumene amalola, kuwalitsa tochi kumaso kwa anthu n'kupanda khalidwe. Podutsa pakati pa anthu gwirani paphewa mopepuka, osati m'chiuno. Achimwene anga, ili ndi lanu: kuno anthu amavina okha, atayang'ana kutsogolo, ndipo mkazi amene akuvina yekha sakudikira inu. Kumubwerera kumbuyo n'kumukhudza osapempha, monga ena amachitira kwathu, kuno amakutulutsani, ndipo zikhoza kufika kupolisi. Nkhani zazitali kakambireni kosutira fodya.

Mowa muugwire ndi nzeru. Botolo limodzi m'katimo limagula mtengo umene mukautembenuza m'makwacha mutha kudwala, ndiye lekani kutembenuza, ingoikani malire musanachoke kunyumba. Ine ndimasamutsira £50 ku khadi lina n'kusiya lalikulu m'kabati. Mwambo wogulirana mowa gulu lonse usiyeni, aliyense adzigulire. Ng'oma yoliritsa siichedwa kung'ambika, ndipo amene amayamba ndi mashoti 12 koloko ndi amene timawapeza atakhala pamasitepe 2 koloko mutu uli pamaondo, DJ amene analipirira asanayambe n'komwe. Madzi a pampopi ndi aulere. Lamulo la ku England limakakamiza malo aliwonse ogulitsa mowa kukupatsani mukapempha, ndiye nenani kuti tap water, musachite manyazi, apo ayi akugulitsani a m'botolo. Kapu imodzi pakati pa mowa uliwonse, kumwa pang'onopang'ono, osati kugugudiza malita nthawi imodzi.

Wina adzakunong'onezani ndithu, kaya pamzere wa kuchimbudzi kaya kunja, kukufunsani ngati mukufuna kanthu. Pukusani mutu n'kupitirira. Sindikulalikira, ndikunena za pepala limene linakubweretsani kuno. Lamulo la kuno limaika mankhwala ozunguza bongo oletsedwa m'magulu: timapilisi ta ecstasy ndi cocaine zili m'gulu A, ketamine ndi chamba m'gulu B, ndipo ngakhale mabaluni a mpweya woseketsa amene amagulitsa panja analowa m'gulu C mu Novembala 2023. Mnzanu wobadwira kuno akagwidwa mawa amadzuka ali kwawo. Inu muli pa viza, ntchito yanu imadalira kuti mbiri yanu ya kupolisi ikhale yoyera, ndipo kumudzi kuli anthu angati akudya pa dzina lanu? Zinthuzi zimaphanso. Mu 2016 khonsolo ya Islington inalanda laisensi ya Fabric anyamata awiri a zaka 18 atamwalira ndi mankhwala, ndipo inatsegulidwanso mu Januwale 2017 ndi malamulo okhwima, kuphatikizapo kukweza zaka zolowera kufika 19. Koma mukaona munthu, mnzanu kapena mlendo, watentha thupi, wasokonezeka kapena sakuyankha, musamubise poopa milandu. Itanani mlonda kapena achipatala a m'momo msanga, muwauze zoona za chimene wamwa. Kunja nambala ndi 999. Chakumwa chanu musachisiye patebulo n'kudzachimwanso, ndipo cha munthu wosamudziwa landirani pokhapokha mwaona chikuthiridwa. Asisi, munthu akakukakamirani, pitani pa bala mufunse Angela. Ndi mawu achinsinsi amene malo ambiri a kuno amawadziwa, ndipo amakuchotsani pamenepo mwakachetechete.

Cha m'ma 4 koloko thupi limafuna bedi, monga zimakhalira pa shifiti. Tulukani kosutira fodya ngakhale simusuta. Kusuta m'kati kunaletsedwa mu 2007, ndipo kuyambira pamenepo kabwalo kameneko ndiko kanasanduka pocheza. Mphepo ikuwombeni, chotsani zotseka m'makutu, khalani pansi mphindi khumi ndi zisanu. Kumeneko ndinachezapo ndi namwino wa ku Bulawayo amene agogo ake anachokera ku Dedza, tinalankhula Chichewa chothyokathyoka tikunjenjemera ndi chisanu, ndipo sitinafunsane maina. Mukabwerera m'kati mudzapeza anthu achepa, oledzera apita, otsala ndi ovina enieni, ndipo mpata ulipo wotambasula manja. Kwa ine ola labwino kuposa onse ndi limenelo. Mukapita Loweruka loti mawa lake ndi Lamlungu lomaliza la Okutobala, usiku umene mawotchi amabwerera m'mbuyo, 2 koloko imasanduka 1 koloko ndipo mumapatsidwa ola lina laulere.

Njira yobwerera muidziwe musanachoke kunyumba, osati mutaima panja foni ili pa 3 peresenti. Sitima za pansi zimayenda usiku wonse Lachisanu ndi Loweruka lokha, ndipo pa njanji zisanu: Central, Victoria, Jubilee, Northern ndi Piccadilly. Apa pali misampha iwiri. Siteshoni ya Farringdon siili pa njanji zimenezi, ndiye mukatuluka ku Fabric yendani mphindi khumi kupita ku Chancery Lane mukakwere Central. Ndipo Northern usiku imadzera ku Charing Cross kokha, siidutsa ku Bank, kutanthauza kuti pa Elephant and Castle siima. Mukatuluka ku Ministry of Sound mukwere basi kapena mulowere ku Kennington. Mabasi a usiku, ambiri oyamba ndi chilembo N, amayenda sabata yonse, koma salandira ndalama m'manja, mumagunditsa khadi. Galimoto yoima panja dalaivala akukuitanani kuti taxi musakwere. Yoimitsa pamsewu ndi yakuda ija yokha, zina zonse muziitanitse pafoni ndipo muone nambala musanalowe. Jekete katengeni kutatsala theka la ola kuti atseke, apo ayi muima mzere wina wa anthu mazana magetsi atayaka, aliyense akuoneka ngati wadzuka kumanda.

Ine ndimakhala ku Tooting, ndiye ulendo wanga ndi Central mpaka Tottenham Court Road, kenako Northern kutsetsereka kummwera. M'sitima ya 6 koloko Lamlungu mumakhala mitundu iwiri ya anthu: ife a nsapato zomata mowa, ndi anzathu ovala mayunifomu akupita kukalandira shifiti, ndipo ena mwa iwo ndimawadziwa, timangogwedezerana mutu. Ndikafika ndimamwa madzi makapu awiri, kutsuka timapulagi ta m'makutu tija n'kutibwezera m'kabotolo kake, kukoka makatani. Chomaliza n'kuzimitsa kulira kwa foni. M'nyengo yozizira kwathu amakhala patsogolo ndi maola awiri, ndiye pamene ine ndikulowa m'bulangete 7 koloko, ku Zomba ili 9, mapemphero oyamba atha, ndipo mayi amaimba pa vidiyo kuti aone ngati mwana wawo wavala kale za kutchalitchi.